Nyimbo si mvula, abale anga a ku Ulongwe

Loweruka lapitali ndinaima pa kabenchi kena mumsika wa pa Vila Ulongwe, moyang'anizana ndi amayi ogulitsa kachewere. Pakabenchipo panali kompyuta yakale yomangidwa ndi selotepi, sipika yotalika kufika m'chiuno, ndi kambale kodzaza timamemore khadi. Anatulukira bambo wina wa ku Domwe, thumba la feteleza lili pakaliyala.

"Achimwene, ndiikireni za Soldier zonse, za Mlaka, za Mablacks, muonjezereko za kwaya za mayi akunyumba."

Sipanathe mphindi khumi. Thukuta la zaka 30 la Soldier Lucius Banda linalowa m'kanthu kochepa ngati chikhadabo, pamtengo wosakwana botolo limodzi la 2M. Bambo uja anaoloka kanjira n'kukagula ndowa ya kachewere, ndipo analipira yonse osatsala ndi metikali imodzi. Akanati atole mbatatesi imodzi yokha osalipira, msika wonse ukanamukuwiza kuti wakuba. Koma nyimbo mazanamazana anazinyamula dzuwa likuswa mtengo, wina aliyense akuona, ndipo tonse tinangogwedeza mitu motsatira ng'oma.

Timazitcha kugawana. Ati kuthandizana, ati Bluetooth ndi WhatsApp zinabwerera zomwezo. Bodza! Munthu amagawa chake. Ukathyola chimanga m'munda mwa mnzako n'kukagawira anansi, dzina lake timalidziwa tonse, ndipo anyakwawa saseka nalo. Nyimbo si mvula yoti imangogwa kuchokera kumwamba. Pali munthu anagona ndi njala kuti alipire situdiyo, analipira woimba gitala, anakwera basi kupita ku Blantyre kapena ku Balaka. Ndi munda wake umenewo.

Ife a ku Angonia mlanduwu ukutikhudza kuposa ena, chifukwa nyimbo za ku Malawi ndi nsima yathu ya tsiku ndi tsiku. Nthawi ya nkhondo makolo athu ambiri anathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 October 1992, anabwerera ndi mabulangete, mapoto, mawailesi, ndi makutu ozolowera MBC. Zaka zomwezo n'zimene Paul Banda ndi Alleluya Band ankawotcha moto ku Balaka, Lucius akutulutsa Son of a Poor Man, kenako Evison Matafale akugwedeza Chileka. Makaseti ankaoloka pa Calomue m'zikwama za ogulitsa nyemba. Ambiri anali ochokera kwa O.G. Issa, okhala ndi kachizindikiro ka COSOMA, bungwe loteteza eni luso ku Malawi. Oimba ankadandaula ndithu kuti gawo lawo pa kaseti iliyonse linali lochepa, ndipo sindikunena kuti masiku amenewo anali a angelo. Koma gawolo linalipo. Kaseti ikagulidwa, kenakake kankafika m'thumba la mwini nyimbo. Lero malonda amenewo anafa, ndipo anawapha ndi kompyuta ya pakabenchi ija pamodzi ndi ife ogula.

Komabe amene akuganiza kuti ndikufuna apolisi akagwire mnyamata wobena nyimbo pakabenchi paja sanandimvetse. Iyeyo ndi kansomba ka m'mphepete. Anamaliza sukulu, ntchito kulibe, wapeza podyera. Mukamulanda kompyuta lero, mawa mnzake atsegula kuseri kwa chigayo. Amene akunona ndi nyimbo za eni ndi ena.

Pitani usiku m'mabaraka a pa Vila. Zimitsani sipika kwa theka la ola muone ngati patsale munthu. Mwini baraka amalipira mowa, amalipira magetsi a Credelec, amalipira mlonda, amalipira mtsikana wotsuka matambula. Chinthu chokhacho chimene chimaitana makasitomala ndicho salipira. N'chimodzimodzi mwini chapa, mwini holo ya ukwati, ndi andale amene nthawi ya kampeni amamangirira masipika pa galimoto n'kuzungulira mpaka ku Tsangano. Nanga makampani a mafoni? Nyimbo iliyonse yotumizidwa pa WhatsApp imadya megabaiti, ndipo megabaiti sapereka ulere. Aliyense pamzerewu wadya, kupatula amene anaphika.

Taonani za agogo athu a Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu. Patience Namadingo atajambula nawo mu 2020, nyimbo yawo ya Linny Hoo inafalikira pa TikTok, ndipo pofika kumayambiriro kwa 2022 atolankhani ankalemba kuti yaonedwa koposa ka 80 miliyoni. Mwini wake, wa zaka zoposa 90, analibe n'komwe foni yoonera zimenezo. Dziko lonse likuvina, mwini ng'oma ali phee pakhonde. Nkhaniyi si yachilendo. Solomon Linda anajambula Mbube ku Johannesburg mu 1939, anamupatsa masheleni khumi, nyimbo inakalemeretsa azungu ku America mpaka kulowa mu filimu ya The Lion King. Iye anamwalira ali mmphawi mu 1962, ndipo ana ake anadzapeza kanthu mu 2006, atachita kukasuma kukhoti. Timakwiya tikamva kuti azungu anamudyera Linda masuku pamutu. Nanga ifeyo tikuchita chosiyana n'chiyani?

Malamulo alipo, musanamizidwe. Ku Malawi bungwe la COSOMA lakhalapo kuyambira 1992, ndipo lamulo la 2016 linabweretsa kamsonkho ka pa zipangizo zosungira nyimbo monga mafoni ndi mafulashi, kamene ndalama zake zimagawidwa kwa oimba ndi aluso ena. Pamagawidwepo pamakhala mikangano, inde, koma anthu amakangana pamene pali mphika. Kuno ku Mozambique tili ndi bungwe la SOMAS, ndipo mu 2022 boma linakhazikitsa lamulo latsopano loteteza eni luso m'malo mwa lija la 2001. Vuto ndi lakuti dzanja la COSOMA limathera pa chipata cha Dedza, pamene SOMAS ili ku Maputo, ulendo wa masiku awiri pa basi. Ulongwe ali pakati, ngati mwana wa mitala amene mayi aliyense akuti adya kwa mnzake. Nyimbo imaoloka malire popanda pasipoti, ndalama yake imakanika.

Ndipo amene akupwetekeka kwambiri ndi ana athu omwe. Mnyamata wa ku Lifidzi agulitsa matumba a mbatatesi kuti ajambule nyimbo, kwaya ya ku Fonte Boa isonkherana miyezi ingapo. Akaitulutsa m'mawa, pofika madzulo ili pa kabenchi kalikonse, ndipo iwo eni amachita kukapempha kuti, "Achimwene, muziiikako yathuyi anthu atidziwe." Kutchuka kumeneko sikugula sopo. Wa ku Lilongwe angathe kubweza ndalama yake pa zoimbaimba za pa geti ndi makampani omulemba ntchito yotsatsa malonda. Wa kuno akaimbe kuti? Kenako timadabwa kuti bwanji Angonia, dziko la ngoma ndi chintali, satulutsa oimba otchuka.

Wina anena kuti anthu ndi osauka. Ndikudziwa, ndimakhala konkuno. Koma umphawi wake ndi wotani wopeza ya mowa, ya yuniti, ya kubetcha mpira, n'kusowa ya woimba yekha? Timadikira amwalire kuti tilire. Lucius atatisiya pa 30 June 2024, masipika onse a pa Vila analira nyimbo zake sabata yathunthu, zonse zobena.

Tsono a khonsolo ya Ulongwe, inu amene simulephera kutolera msonkho kwa mayi wogulitsa tomato, itanani SOMAS ibwere idzakhale pansi ndi eni mabaraka, eni maholo ndi anyamata obena nyimbo. Apatseni ziphaso, azilipira kangachepe pamwezi, azilemba nyimbo zimene akugulitsa. A SOMAS ndi a COSOMA, gwirizanani kuti ndalama yotoleredwa kuno izifika kwa mwini nyimbo, kaya ali ku Balaka kaya ku Domwe. Ndipo inu bambo a njinga, woimba wa kwanu akadzaika mbale pakhomo la holo, musadzalowere pawindo.