Adokotala a Mawa Ayambe Adziwa Mudzi

Kumudzi aliyense wovala malaya oyera timamutcha adokotala. Ambiri mwa iwo ndi ma clinical officer ndi ma medical assistant, ndipo ndi amene anyamula chithandizo cha Edzi m'zipatala zing'onozing'ono. Ife alangizi a zaumoyo timawalemekeza, koma tili ndi pempho kwa amene amawaphunzitsa.

Ophunzira amatuluka m'sukulu akudziwa kusoka bala, kuika diripi ndi kupulumutsa mayi amene akutaya magazi. Luso limeneli ndi lofunika zedi. Komabe ntchito yakula. Boma lidayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004. Mu 2011 amayi oyembekezera omwe ali ndi kachirombo adayamba kulandira mankhwalawa kwa moyo wonse, ndipo kuchokera mu 2016 aliyense wopezeka ndi HIV amayamba kumwa nthawi yomweyo. Masiku ano ambiri amene akupeza bwino amalandira mankhwala a miyezi isanu ndi umodzi. Choncho munthu amaonana ndi adokotala kawiri kokha pachaka. Masiku ena onse ali kumudzi.

Kumudziko ndi kumene chithandizo chimapambana kapena kulephera. Mayi amabisa botolo la mankhwala m'thumba la chimanga poopa mwamuna wake. Mnyamata wa kusekondale amadumphitsa kumwa kuti anzake ogona nawo asadziwe. Bambo amasiya m'miyezi ya njala ponena kuti sangamwe m'mimba muli mbee. Wina amauzidwa kumapemphero kuti wachira. Wophunzira amene sadaone zimenezi amangolemba m'kaundula kuti wodwalayo wathawa mankhwala, kenako n'kumukalipira akabwera. Munthu wokalipiridwa pagulu sabweranso.

Ena akuti nthawi ya maphunziro ndi yochepa, ndipo zam'mudzi ndi ntchito ya alangizi. N'zoona kuti kuyendera makomo ndi ntchito yathu. Koma ife sitisintha mankhwala kapena kulamula zoyeza magazi. Tikamubweza munthu kuchipatala, amafunika kupeza adokotala omvetsa chimene chidamulepheretsa. Komanso amene adayamba ma ARV kale akukalamba, ena akudwala shuga ndi BP, matenda ofunanso kuwatsatira kwa moyo wonse.

Chitsanzo chilipo kale. Ophunzira udokotala a College of Medicine, yomwe mu 2021 idalowa mu Kamuzu University of Health Sciences, akhala akupita ku Mangochi kukaphunzira zaumoyo wa anthu m'madera. Tikufuna kuti wophunzira aliyense wa ntchito zachipatala achite chimodzimodzi, kwa milungu ingapo, osati ulendo wa tsiku limodzi. Ayende nafe panjinga, akhale pansi ndi magulu a anthu omwe ali ndi kachirombo, amve za kusalidwa kuchokera kwa eni ake, alankhule ndi mafumu ndi atsogoleri a mipingo. Mayeso ake aphatikizepo luso lomvetsera ndi kusunga chinsinsi.

Akuluakulu a sukulu zaumoyo ndi a Unduna wa Zaumoyo, titumizireni ophunzirawo. Midzi tikuidziwa, tidzawaperekeza.