BOMA LISALANDE CAKUDYA CA ANA

Abale, tamverani zimene lamulo la ku United States licita kwa anthu amene anakongola ndarama za Boma kuti aphunzire ku koleji.

M'dziko limenelo msonkho udulidwa pa malipiro munthu asanawalandire. Caka cikatha, ngati anadula zopitirira, Boma limbwezera zotsalazo. Anchito a malipiro ocepa, maka-maka amene ali ndi ana, alandiranso pamenepo thandizo lochedwa Earned Income Tax Credit. Mabanja osauka ayembekeza ndarama zimenezi monga mlimi ayembekeza masika.

Koma munthu akakhala masiku 270 osalipira nkhongole ya maphunziro, Boma liri ndi mphamvu yogwira ndarama zonsezo, ndi thandizo lija lomwe. Lingotumiza kalata, silipita ku bwalo la milandu. Lingathenso kudula 15 pa 100 pa malipiro ace. Ndipo kuyambira 1991 nkhongoleyi siikalamba. Zingapite zaka 30, aifuna ndithu.

Mu March 2020, pa mliri wa Covid-19, kulanda kumeneku kunaimikidwa. Pa 5 May 2025 Boma la Donald Trump linayambanso, pamene anthu oposa 5 miliyoni anali atalephera kulipira. Mu January 2026 linaimikanso kwa kanthawi, koma lamulo lolanda silinafafanizidwe.

Ife sitinena kuti nkhongole isalipidwe, iai. Wokongola abweze. Koma olepherawo ndani? Ambiri ndi aja anasiya maphunziro pakati cifukwa ca umphawi. Digiri alibe, nchito yabwino alibe, nkhongole yokha ndiyo anatsala nayo. Kodi mwana wa munthu wotere anasaina kalata ya nkhongole? Nanga cifukwa ninji agone ndi njala? Boma lipereka thandizo ndi dzanja lamanja, nililanda ndi lamanzere! Ici ndico ife tikana.

Tinena zitatu. Munthu alipire monga mwa malipiro ace. Thandizo la ana lisakhudzidwe konse. Ndipo Boma lisagwire kanthu woweruza asanamve mbali zonse ziwiri, pakuti mwini nkhongole sangakhalenso woweruza mlandu wace.

Ifenso kuno ku Zambia tiri ndi bungwe la nkhongole za ophunzira, lokhazikidwa ndi lamulo la 2016. Tipenyetsetse njira zimene atolera nazo ndarama. Caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe.