Khonde langa lofiira ndi matailosi a ngongole

Lero za mayeso tiziike pambali kaye. Ndikufuna tikambirane za pansi pa nyumba, pamene timapondapo tsiku ndi tsiku.

Sabata yatha ndinapita ku Lirangwe kukaona mnzanga wina amene tinali naye limodzi ku Domasi pamene tinkachita dipuloma yathu ya uphunzitsi. Wamanga nyumba yoti adzakhalemo akadzapuma pa ntchito, ndipo ndi nyumba yabwino ndithu. Pabalaza waika matailosi oyera, onyezimira moti ndinachita kuvula nsapato pakhomo popanda wondiuza. Koma titamwa tiyi anandiululira kuti matailosiwo anagula ndi ngongole ya kukampani ina mwa zija zimadula ku malipiro, ndipo akhala akudulidwa kwa zaka zitatu. Zipinda ziwiri zogona ana zikadali za dothi. Nditamufunsa chifukwa chimene sanathirire simenti nyumba yonse ndi ndalama yomweyo, anaseka n'kunena kuti, "Achimwene, mukufuna anthu azinena kuti mphunzitsi wa sekondale akukhala pa simenti ngati m'kalasi?"

Mawu amenewa ndabwera nawo mpaka kuno ku Madziabango. Ine ndikuti mnzangayu walakwitsa, ndipo ambiri a ife tikulakwitsa chimodzimodzi. Tayamba kuona simenti ngati chinthu cha amphawi chimene chiyenera kubisidwa. Chonsecho simenti yoikidwa bwino, yothiridwa mtundu, ndi yokongola payokha, ndipo mbali yaikulu ya ntchitoyo munthu ukhoza kuigwira wekha pakhomo.

Amene tinakula m'zaka za m'ma 1980 tikukumbukira nyumba zakale za boma ndi za kumishoni, makonde ake ofiira psu, opakidwa Cobra Loweruka lililonse mpaka kumaona nkhope yako. Ambiri mwa makonde amenewo alipobe mpaka lero, ngakhale malata anasinthidwa kangapo. Ndipo agogo athu aakazi sankangozira nyumba kuti fumbi lichepe ayi. Ankasankha mtsiro, wakuda pansi, wofiira m'mphepete mwa khonde, n'kusalaza ndi mwala. Kukongoletsa pansi ndi manja ako si nzeru yobwera ndi alendo.

Komatu ndisadzitame. Khonde langa loyamba linandichititsa manyazi. Munali mu Okutobala 2019, dzuwa likuswa mtengo. Ndinagula matumba a simenti, ufa wa red oxide, n'kuitana mnyamata wina amene anagwirapo udakaboyi m'tauni. Tinkayeza ndi fosholo, iye zake ine zanga. Matope akalimba pang'ono tinkangowonjezera madzi kuti ayende mosavuta. Titamaliza madzulo khonde linali lokongola zedi, ndipo m'mawa mwake ndinauza ana kuti asathirepo madzi, liume msanga. Pasanathe mwezi linachita ming'alu ngati pansi pa dambo louma. Aliyense wokhalapo ankadzuka ndi zovala zofiira, ndipo mayi a kunyumba akamasesa ankasesa khonde lenilenilo. Ndinayamba kunena kuti simenti ya masiku ano ndi yachabechabe. Linali bodza. Wolakwa ndinali ine, munthu amene chaka chilichonse ndimaima kutsogolo kwa ana a Fomu 1 n'kumawaphunzitsa za ratio.

Chinthu choyamba chimene sindinkachilabadira n'chakuti simenti silimba chifukwa chouma. Imalimba chifukwa ikusakanikirana ndi madzi n'kusanduka chinthu china, ndipo kusinthaku kumatenga masabata. Tinene kuti imapsa, monga chimapsera chipatso. Ikakhala yonyowa kwa masiku 7 imakhala itapeza pafupifupi magawo awiri mwa atatu a mphamvu imene imayezedwa pa masiku 28. Manambala aja mumawaona pathumba, 32.5 kapena 42.5, akunena za mphamvu ya pa masiku 28 omwewo. Tsono ine pouza ana kuti asathire madzi, m'dzuwa la Okutobala, ndinaipha simenti ija ikadali yakhanda.

Chachiwiri chimaoneka ngati chikutsutsana ndi choyambacho, n'chifukwa chake chimasokoneza anthu. Pambuyo poika, madzi achuluke. Posakaniza, madzi achepe. Thumba la makilogalamu 50 limafuna madzi pafupifupi malita 25 basi, ndipo ngati mchenga ndi wonyowa muchepetsenso. Madzi opitirira pamenepo sagwira ntchito iliyonse. Amadzatuluka n'kusiya timabowo tosaoneka ndi maso, ndipo amakankhira simenti yopyapyala pamwamba, ija imadzasanduka fumbi. Anyamata a ganyu amakonda matope amadzimadzi chifukwa savuta kutembenuza. Sindikuwanena, msana ndi wawo. Koma khonde ndi lanu.

Mu Juni 2021 ndinagumula zonse n'kuyambiranso. Ndinasankha dala nyengo ya chiperoni, pamene kuno kumakhala kozizira ndi kamvula kowaza. Fosholo ndinaisiya ntchito yotembenuza yokha. Poyeza ndinagwiritsa ntchito ndowa imodzi ya malita 20, yomweyomweyo pa zonse: ndowa imodzi ya simenti, ziwiri za mchenga, zinayi za miyala ya kwale, ndipo madzi osadzaza ndowa, magawo atatu mwa anayi. Kusakaniza zouma kaye, kutembenuza katatu mpaka mtundu ufanane, kenako madzi pang'onopang'ono. Khonde langa ndi la mamita 5 m'litali ndi 2 m'lifupi. Konkire yapansi, yochindikala masentimita 7 ndi theka, inadya matumba asanu. Pamwamba pake, isanaume, ndinayala kansalu ka masentimita awiri ka simenti imodzi ku mchenga utatu wosefa, ndipo apa panapita matumba awiri. M'kansalu kameneka ndi m'mene munalowa mtundu.

Pa nkhani ya mtunduyi ambiri timaganiza kuti kuchulutsa ufa ndiye kufiiritsa. Ufa wa oxide sugwira kanthu, umangodalira simenti kuti iumange. Makilogalamu awiri kapena atatu pa thumba ndi okwanira, ndipo musapitirire asanu, apo ayi pansi padzafumbutuka. Usakanizeni ndi simenti youma, musefe pamodzi, musanaphatikize mchenga kapena madzi. Ndipo muyeze chimodzimodzi ulendo uliwonse, kuopa kuti khonde lingakhale ndi mawanga ngati nkhanga. Ulipo wofiira, wakuda, wachikasu, ndi wobiriwira umene uli wodulirapo. Ine ndinaika wofiira pakati ndi mzere wakuda m'mphepete, monga ankachitira agogo ndi mtsiro. Pa mamita awiri ndi theka ndinadula kamzere kolowa pansi, kuti konkire ikafuna kung'aluka ing'alukire momwemo. Posalaza ndinadikira kuti madzi onyezimira pamwamba aphwe kaye. Kenako ndinafunditsa masaka onyowa, ndipo kwa sabata yathunthu ana ankatunga kumjigo m'mawa ndi madzulo. Anadandaula, koma lero ndi omwe amagona pakhondepo masana.

Ndatsala pang'ono kuiwala mchenga, pamene ndi umene umagwetsa anthu ambiri. Wa m'mitsinje yathuyi nthawi zambiri umabwera ndi dothi, makamaka mvula ikangotha. Tengani botolo loonekera mkati, ikani mchenga wofika masentimita 10, thirani madzi ndi kamchere pang'ono, khutchumulani, lisiyeni maola atatu. Dothi lidzakhala pamwamba pa mchenga ngati kamzere. Kamzereko kakayandikira sentimita imodzi, mchengawo utsukidwe kapena mufune wina. Anzanga a sayansi, iyi ndi ntchito yoti ana a Fomu 2 akhoza kuichita m'kalasi popanda labotale. Thumba la simenti nalo muliyese musanalipire. Likakhala ndi mibulu yosaphwanyika ndi zala ndiye kuti linamwa chinyezi. Ndipo valani magolovesi ndi jombo, chifukwa simenti yonyowa imawotcha khungu mwakachetechete, umadzazindikira madzulo.

Ndikudziwa zimene ena munene. Simenti nayonso ndi yodula, makamaka chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Zoona. Koma amene akuika matailosi sathawa simenti. Amathira konkire yomweyo pansi, kenako n'kugula matailosi, zomatira zake, n'kulipira woika. Ine ndikungonena kuti imani pa sitepe yoyambayo ndipo muichite bwino. Komanso simenti ina imapangidwa konkuno, ku Blantyre, ku Kasungu ndi ku Mangochi, pamene matailosi ambiri amene timawaona m'mashopu a ku Limbe ndi ochokera kunja. Ena munena kuti pansi pofiira pamafuna polishi nthawi ndi nthawi, komanso kuti miyezi yoyamba pamatuluka zoyera ngati mchere. Izinso n'zoona, ngakhale zoyerazo zimachoka ndi burashi ndipo zimadzasiya zokha. Kubafa ndi pamalo otsukira mbale, matailosi ndi abwino kuposa simenti, sinditsutsa. Chimene ndikukana ndi kugoneka ana padothi kuti alendo aone kunyezimira pabalaza. Ku Mexico boma linayambitsa ntchito yotchedwa Piso Firme m'chaka cha 2000, yothira simenti m'nyumba za dothi, ndipo ofufuza anapeza kuti tizilombo ta m'mimba ndi kutsekula m'mimba zinachepa kwambiri mwa ana aang'ono. Anathira simenti wamba, osati matailosi.

Tsono pali malire amene ndikufuna ndiwanene momveka, chifukwa ndikuwadziwa ana anga ena, akamva kuti fumbi ndiwe mwini mawa lomwe ayamba kuumba nsanamira. Zimene ndikunena kuti mupange nokha ndi zimene zimagona pansi kapena zosanyamula kanthu: khonde, njira ya kukhitchini, miphika ya maluwa, benchi ya pansi pa mtengo wa mango, mabuloko a maluwa olowetsa mphepo. Zikalakwika mwataya matumba angapo ndi ulemu pang'ono, ngati ine. Koma maziko, mitanda ya pamwamba pa zitseko ndi mawindo, lamba wa konkire wozungulira nyumba, silabu ya chimbudzi, chilichonse cholowa zitsulo ndiponso chimene munthu adzakhale pansi kapena pamwamba pake, itanani mmisiri wodziwa ndipo mumulipire. Tonse tinaona zimene namondwe Freddy anachita mu Marichi 2023. Ntchito yanu pamenepo ndi kuima pambali ndi ndowa yoyezera ija n'kumawerenga.

Kwa inu amene munamaliza Fomu 4 ndipo mukadali pakhomo, pali kanthu apa. Mukadutsa msewu wochokera ku Chirimba kukafika pa Kameza, pamene pamapatukira wa ku Chileka ndi wa ku Lunzu, muona anthu akugulitsa mabuloko, timiyala ta simenti toyala pabwalo ndi zipilala zokongoletsera makonde. Chiyambireni 2018, pamene boma linaletsa njerwa zootcha pa zomanga za boma ndi za mabizinesi pofuna kuteteza mitengo, ntchito ya mabuloko yakula. Mmodzi mwa ana amene ndinawaphunzitsa ali m'gulu limenelo cha ku Chileka. Masamu ankalephera, sindibisa, ndipo nayenso amaseka tikakumbutsana. Anayamba ndi zikombole ziwiri zobwereka. Chimene chimamubweretsera anthu n'chakuti katundu wake amamusunga pamthunzi, wonyowa, kwa sabata yathunthu asanagulitse, pamene ena amaumba lero n'kuyanika padzuwa kuti mawa akweze pa lole. Ogula anaphunzira okha kugogoda ndi mwala n'kumvera kulira kwake. Tsiku lina anandiuza kuti, "Aphunzitsi, ratio ija ndinadzaimvetsa ndili ndi fosholo m'manja." Sindinadziwe ngati akundiyamikira kapena akundidzudzula.

Mnzanga wa ku Lirangwe uja tinasiyana tisanagwirizane. Akuti pabalaza pake sasinthapo maganizo, ndipo ngongoleyo ailipira. Koma pondiperekeza ku siteji ya minibasi anafunsa kuti zipinda ziwiri za mamita atatu mbali zonse zingadye matumba angati. Tinawerengera pachikuto cha kope, zinatuluka matumba 13, kapena 9 ngati atasalaza konkire yomweyo osayala kansalu ka mtundu. Ku Lirangwe kumatentha kuposa kuno, choncho ndamuuza adikire mwezi wa Juni, ndipo ayambe wakambirana ndi ana ake za madzi a sabata imodzi. Botolo loyezera mchenga ndikatenga ndine.