Mwendo wothyoka si wa Panado

Mwezi wa June chaka chatha achimwene anga, omwe amachita kabaza wa njinga yamoto, anawombana ndi ngolo pa msewu wafumbi wochokera ku Nsaru, ndipo fupa la ntchafu linathyoka. Tinafika nawo pa chipatala china cham'dera lathu dzuwa litalowa. Anesi anawapatsa Panado awiri n'kunena kuti, "Limbani mtima bambo, ambulansi ikubwera." Inabwera patatha maola anayi. Munthu amene sindinamuonepo akulira chibadwire changa anakuwa mpaka mawu kusasa. Nditafunsa ngati panalibe mankhwala amphamvu, anandiyankha kuti alipo, koma wosunga kiyi wa kabati anali ataweruka. Anawonjezera kuti mankhwalawo ndi oopsa, munthu amawazolowera.

Anesiwo sindikuwada. Anali okha usiku umenewo, ndipo mantha awo ali ndi kochokera. Mankhwala monga morphine, pethidine, tramadol ndi codeine amapha ululu, komanso akachuluka amafooketsa kupuma mpaka munthu kufa. Woamwa nthawi yaitali amayamba kulephera kukhala osamwa. Ku America kampani ya Purdue Pharma inatulutsa OxyContin mu 1996 n'kumauza madokotala kuti chiopsezo chowazolowera n'chochepa. Mapilitsi anasefukira m'makomo. Mu 2021 anthu oposa 100,000 anafa m'dzikomo chifukwa chochulutsa mankhwala ozunguza bongo, ambiri mwa iwo ndi a m'gulu lomweli. Ku Nigeria nako boma linaletsa mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine mu 2018 litaona mmene achinyamata ankaledzerera nawo.

Koma vuto la America si vuto la Kabudula. Lipoti la akatswiri lomwe magazini ya zachipatala ya Lancet inatulutsa mu 2017 linapeza kuti theka la anthu apadziko lonse, a m'maiko osauka, limagawana pafupifupi 1 peresenti yokha ya morphine yense. Ife tili m'theka limenelo. Wolumidwa ndi njoka ndi wina, koma woopa luzi ndife. Ndipo ngakhale ku America komweko, malangizo omwe bungwe la CDC linatulutsa mu 2016 sananene kuti wovulala asiyidwe akubuula. Anati pa ululu wobwera mwadzidzidzi, mankhwala a masiku atatu nthawi zambiri amakwana, ndipo si kawirikawiri pamene amafunika kupitirira sabata.

Chikhalidwe chathu nachonso chimathandizira nkhanza imeneyi. Timakula tikuuzidwa kuti mwamuna salira, ndipo mayi wokuwa ndi ululu timamunena kuti ndi wamantha. Choncho wodwala amachita manyazi kupempha, wachipatala naye safunsa. Komatu wa ku Namitete, Nambuma kapena Mpingu amene wathyoka fupa, kapena mwana amene wagwera m'phala lamoto, amakhala ndi ulendo wopita ku Kamuzu Central Hospital, nthawi zina pa msewu wamabampu. Bampu lililonse limamveka m'fupa.

Kumana munthu mankhwala sikumuteteza. Achimwene atatuluka m'chipatala ankaopa ululu kuposa china chilichonse, moti ankagula Indocid ndi Bufen pamsika n'kumamwa zonse pamodzi, m'mimba muli pululu. Mankhwala amenewa amayambitsa zilonda za m'mimba ndipo amawononga impso. Tinazindikira atayamba kudandaula kuti m'mimba mukuotcha. Wogulitsa pabenchi salemba kaundula, safunsa msinkhu, safunsa ngati mumamwa kachasu.

Kusamala kwenikweni si kukhoma kabati n'kupita ndi kiyi kunyumba. Kiyi azikhala ndi amene ali pa ntchito, azisiyirana powerukirana, ndipo botolo lililonse lotuluka lizilembedwa m'kaundula, anthu awiri n'kusayina. Tonse tikudziwa kuti mankhwala amabedwa m'zipatala zathu, koma wakuba amagwidwa ndi kaundula, osati ndi misozi ya wodwala. Wovulala azifunsidwa kukula kwa ululu wake, fupa lizimangidwa kuti lisagwedezeke, ndipo Panado aziperekedwa pamodzi ndi morphine kuti morphineyo afunike wochepa. Aziyamba ndi mlingo waung'ono n'kumawonjezera akuyang'anira kupuma, naloxone, mankhwala obweza mphamvu ya morphine, ali pafupi. Pethidine, yemwe zipatala zambiri zinamuzolowera, amatha msanga m'thupi ndipo akabwerezedwa kambiri amatha kugwetsa munthu khunyu, n'chifukwa chake m'maiko ambiri anayamba kumusiya. Wopita kunyumba azipatsidwa a masiku ochepa okha, n'kuuzidwa m'Chichewa chomveka kuti asaphatikize ndi mowa, asagawireko mnzake, aziika patali ndi ana, ndipo otsala abweze.

Izi si maloto a mwana wa sukulu. Muno m'Malawi a Tiyanjane ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi a Ndi Moyo ku Salima akhala akupereka morphine wamadzi kwa odwala khansa kwa zaka zambiri, ena akumwera kunyumba kwawo. Ngati luso limeneli lilipo kwa odwala matenda a mgonagona, lingalephere bwanji kufika pa benchi la ovulala? Unduna wa Zaumoyo, Central Medical Stores Trust ndi bungwe loona za mankhwala la PMRA ali ndi udindo woonetsetsa kuti mankhwalawa akupezeka, akulembedwa, ndipo ogwira ntchito usiku aphunzitsidwa kuwagwiritsa ntchito mopanda mantha.

Achimwene anabwerera pa kabaza, ngakhale amatsimphina. Akamakamba za ngoziyo satchula ngolo kapena ng'ombe. Amatchula maola anayi aja. Tsiku lina anandiuza kuti zikadzachitikanso ndisadzavutike kuwatengera kuchipatala. Mawu amenewo amandiopsa kuposa morphine.