Machipisi okukutika satuluka ku takeaway cabe, na pa mbaula yanu atheka

Mu Lusaka machipisi asanduka cakudya ca pamseu cimene aliyense adziŵa. Pa Kulima Tower, pa City Market, pa Lumumba na pa Millennium, fungo la saladi wotentha limafika mu basi ikalibe kudzala. Mwana akakhoza mayeso apempha machipisi. Mwezi ukatha, mzela wa pa Hungry Lion umatalika. Ife pa tsamba lino tilibe nao mlandu machipisi, ndipo tilibe mlandu na amai na anyamata amene amakazinga m'mbali mwa mseu kuti ana ao apite kusukulu. Cimene tikamba lelo n'cakuti nyumba iliyonse iyenela kudziŵa kuphika machipisi abwino yokha, cifukwa nkhani iyi ikhudza thumba lanu na thupi lanu.

Yambani mwaŵelenga. Ngati mugula machipisi kaŵili pa sabata, pa caka mwagula ka 104. Tengani mtengo umene mulipila pa mbale imodzi, muucite kuŵilikiza ka 104, ndiyeno muikepo na kuculuka kwa anthu a m'nyumba mwanu. Mukatsiliza, pitani pa Soweto mufunse mtengo wa poketi ya mbatatisi ya makilo 10. Yankho mudzaliona mweka. Munthu amene amakangana na kondakita cifukwa ca cenji ca kwacha imodzi sayenela kutaya ndalama zotele mosaganiza.

Koma tidziŵa cimene ambili adzayankha: "A panyumba sakoma monga a ku shopu." Ni zoona, nthawi zambili sakoma. Amatuluka olobodoka, omwa saladi, kapena opselela kunja koma mkati akali aŵisi. Vuto si manja anu. Vuto ni njila. Ambife timasenda mbatatisi, kudula, kuthila zonse mu pani kamodzi, n'kuyembekezela. Masitolo akulu sacita conco. Machipisi amene mumapatsidwa pa kaunta amakhala atapita kale pamoto ku fakitale: amawadula, kuwaviika m'madzi otentha, kuwaumitsa, kuwakazinga pang'ono, kenako kuwaumitsa mu fiiza. Wa pa shopu amangotsiliza. Ku America, kampani ya J.R. Simplot inayamba kugulitsa machipisi otele ku McDonald's m'zaka za m'ma 1960. Ku Belgium, kumene anthu amanyadila kwambili machipisi ao, mwambo ni umodzimodzi: kukazinga kaŵili. Cinsinsi conse ni cimeneco.

Cifukwa cake n'cosavuta kumva. Mbatatisi ni madzi pafupifupi magawo 80 pa 100, ndipo mbali yaikulu ya zotsalazo ni sitachi. Kuti chipisi cikukutike, khungu lake lakunja lifunika kuuma bwino pamene mkati mwapsa mofeŵa. Moto umodzi sungagwile nchito ziŵilizi nthawi imodzi. Ukakhala waukali, kunja kupselela mkati musanapse. Ukakhala wocepa, mbatatisi imangomwa saladi. N'cifukwa cake nchito imagaŵidwa: coyamba kupsetsa mkati, caciŵili kuumitsa kunja.

Manje tiyeni ku khichini. Sankhani mbatatisi zikulu, zolimba, zosafota. Zimene zikaphikidwa zimayoyoka monga ufa ndiye zabwino kupambana zimene zimakhala zonanda. Ngati wogulitsa ni wozoloŵela, mufunseni kuti, "Amai, za machipisi ni ziti?" Iwo adziŵa, cifukwa okazinga a pamseu amagula kwa iwo. Mbatatisi imene yabiliŵila khungu kapena yamela kwambili, isiyeni. Kubiliŵila kuja kumaonetsa kuti yakhala pa kuwala, ndipo mbatatisi yotele imaculukitsa poizoni wochedwa solanine, amene satha na kukazinga. Ngati pobiliŵila ni pang'ono, dulani mozama mutaye. Ndiponso mbatatisi zaziŵisi musazisunge mu fuliji. Kuzizila kumasandutsa sitachi kukhala shuga, ndipo machipisi a shuga wambili amada msanga akalibe kupsa. Malo amdima, ouma, opita mphepo ndiwo oyenela.

Dulani timizele tofanana, kunenepa monga pensulo ya mwana wa sukulu. Akasiyana kukula, ang'ono adzapselela pamene akulu akali aŵisi. Mukadula, tsukani m'madzi ozizila kangapo mpaka madzi aleke kuyela monga mkaka. Coyela cija ni sitachi ya kunja, imene imapangitsa machipisi kumamatilana.

Pa kilo imodzi ya mbatatisi, ikani malita 2 a madzi mu poto, masipuni akulu 2 a viniga woyela, na sipuni imodzi ya mcele. Ŵilitsani mbatatisi kwa mphindi 8 mpaka 10. Viniga uja ali na nchito: amagwila mbatatisi kuti isaphwanyike pamene ipsa, ndipo kuŵaŵasa kwake sikumveka pakudya. Kumbukilani kuti Lusaka ili pamwamba, mamita opitilila 1,200 kucokela pa nyanja ya mcele, ndiye madzi kuno amaŵila pa madigili pafupifupi 96 osati 100. Conco musadalile wochi cabe. Tengani kamodzi mukapinde: kakhale kofeŵa koma kosaduka.

Tsanulani madzi, yanikani mbatatisi pa thileyi kapena pa licelo loyalapo nsalu yoyela, zisasanjikane. Zisiyeni nthunzi ithe, khungu liume. Apa ndiye ambili amathamanga, ndipo apa ndiye machipisi amaonongekela. Madzi na saladi wotentha sagwilizana: amazizilitsa saladi ndipo amathovokela kumaso.

Kukazinga koyamba ni kwa mphindi 2 cabe, mu saladi wotentha bwino. Amene ali na coyezela, ni madigili 180. Amene alibe, ponyani chipisi cimodzi: cikayamba kucita thovu nthawi yomweyo n'kuyandama, saladi wafika. Cikamila n'kukhala cete, yembekezani. Saladi akayamba kufuka utsi, wapitilila, cotsani pamoto azizileko. Ikani machipisi ocepa ocepa, dzanja limodzi kapena aŵili. Kudzaza pani kumagwetsa kutentha, ndipo m'malo mokazinga mumayamba kuphika. Atulutseni akali otuŵa. Sanapse, ndipo afunika kuoneka conco.

Asiyeni azizile kwa mphindi zosacepela 30. Amene ali na fiiza, ndipo malaiti alipo, angawaike m'menemo usiku wonse. Madzi a mkati akauma n'kukhala ayezi amang'amba mbatatisi, ndiye mkati mumatuluka mofeŵa ngako. Ubwino wina ni wakuti mungakonze ambili pa Sondo, n'kumatengako pang'ono mkati mwa sabata mukafika mocedwa. Koma tonse tikumbukila caka ca 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi ku Kariba ndipo malaiti anali kupita maola ambili pa tsiku. Fiiza si ya onse, ndipo si ya nthawi zonse. Osadandaula: kuzizila pa thebulo n'kokwanila. Cacikulu n'cakuti machipisi apume pakati pa moto woyamba na waciŵili.

Kukazinga kwaciŵili ni mphindi 3 kapena 4, saladi ali wotentha monga poyamba. Akafika mtundu wa golide, tulutsani. Thilani mcele pang'ono akali otentha kuti ugwile, ndipo idyani nthawi yomweyo. Musawavinikile na mbale ina, cifukwa nthunzi idzawafeŵetsa. Ndiye cifukwa cake machipisi amene mwagula mu tauni n'kuwamanga mu pulasitiki amafika ku Kanyama, ku Matero kapena ku Mtendere atalobodoka, ngakhale anali okukutika pa kaunta. Ulendo wa mu basi na jamu ya pa Great East Road umawatha. Ndipo conde, nyuzipepala ino ni yoŵelenga, si yosansilapo saladi. Inki si ndiwo. Seŵenzetsani sefa ya waya kapena pepala loyela la kukhichini.

Wina adzati nchito yaculuka, saladi ni wodula, malasha nawo akwela. Mau amenewa ni omveka, ndipo sitingawanyoze. Kukazinga mbatatisi ziŵili za munthu mmodzi mwa njila iyi n'kutaya nthawi. Wokhala yekha mwina angacite bwino kugula. Koma pa banja la anthu asanu kapena asanu na mmodzi, masamu amasintha. Poto yaing'ono yakuya imafuna saladi wocepa kupambana pani yaikulu yotambalala. Saladi yemweyo mungamusefe akazizila, kumusunga m'botolo lotseka pamalo amdima, n'kumuseŵenzetsanso kangapo. Ndiponso machipisi oikidwa mu saladi wotentha bwino samwa wambili monga aja oikidwa mu saladi wofunda. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pa saladi pomwepa ndiye pali nkhani yaikulu. Panyumba mumamuona na maso anu. Akada, akayamba kunanda, kucita thovu losatha, kununkha kapena kufuka utsi msanga, watha nchito. Saladi wotenthedwa mobweleza-bweleza amaonongeka, ndipo zimene zimapangika m'menemo si zabwino m'thupi. Mukagula panja simudziŵa kuti saladi uja wakhala masiku angati mu pani. Okazinga ambili ni aukhondo ndipo amasamala makasitomala ao, koma mtengo wa saladi umakankha ena kumuseŵenzetsa mpaka ade monga oilo wa basi. Inu ogula muli na ufulu woyang'ana mu pani musanatulutse ndalama. Ndipo a zaumoyo a ku khonsolo, poyendela malo ogulitsila zakudya, aziyang'ana na saladi yemwe, aphunzitse ogulitsa m'malo mongowathamangitsa.

Mtundu wa machipisi nawo uli na tanthauzo. Mu 2002 akatswili a ku Sweden anapeza kuti zakudya za sitachi zikakazingidwa kapena kuochedwa pa moto waukali zimapanga mankhwala ochedwa acrylamide, amene akuganizilidwa kuti angathandizile kuyambitsa khansa. Cakudya cikada kwambili, mankhwalawa amaculuka. Kutsuka na kuŵilitsa mbatatisi kumacotsako shuga wa kunja, ndiye njila imene tafotokoza imathandiza na pamenepa. Lekelani pa golide, osafika pa khofi. Za mcele, bungwe la World Health Organization limalangiza munthu wamkulu kusapitilila magalamu 5 pa tsiku, kutanthauza kasipuni kang'ono kamodzi kosadzala, kuŵelengela zakudya zonse za tsikulo. Matenda a BP ali m'mabanja ambili. Panyumba dzanja lothila mcele ni lanu.

Koma pali cinthu cimodzi cimene ku shopu cili bwino kupambana kunyumba: kumeneko kulibe mwana wokwawa pafupi na moto. Saladi wa madigili 180 ni wotentha kwambili kupambana madzi oŵila, ndipo amamatila pakhungu. M'nyumba zathu za m'makomboni, mbaula imakhala pansi, pamene ana amaseŵelela. Cakudza siciimba ng'oma. Ikani mbaula pamalo osalala, poto ikhazikike bwino, cogwilila cisaloze kumene kupita anthu. Saladi asapitilile theka la poto, cifukwa amakwela mukaika mbatatisi. Mwana asakhale kumsana pamene mukazinga, ndipo musacoke pamoto kukayankha foni. Mbaula ikhale panja kapena pamalo opita mphepo; utsi wa malasha umene suoneka ndiponso sununkha umapha anthu m'nyumba zotseka, makamaka m'miyezi yozizila ya June na July.

Saladi akagwila moto, musathile madzi ngakhale kapu imodzi. Madzi amasanduka nthunzi nthawi yomweyo n'kuponya saladi woyaka m'nyumba monse. Zimani sitovu, vinikilani poto na civinikilo ca citsulo, ndipo musainyamule kuthamanga nayo panja. Moto ukakula, tulutsani anthu muitane ozima moto pa 993. Wina akapsa, thilani madzi ozizila oyela pamalopo kwa mphindi 20, kenako pitani naye ku kiliniki. Colgate, dzila, sopo kapena saladi pa cilonda ca moto si mankhwala.

Tisaiŵale kuti machipisi, ngakhale a panyumba, si cakudya ca tsiku lililonse. Nsima na ndiwo zamasamba, kapenta na nyemba zikali pamalo ao. Kamodzi pa sabata, na kabichi na tomato pambali, n'zokwanila. Njila yomweyi mungaiyese na kandolo, ngakhale iye amada msanga cifukwa ca shuga wake ndipo sakukutika kufika pa mbatatisi.

Ndipo nchito iyi si ya amai okha. Pamseu, okazinga ambili ni amuna, ndipo palibe amene amawaseka. N'cifukwa ciani mwamuna yemweyo akafika panyumba manja amalema? Atate, Ciŵelu cino gulani mbatatisi potsika basi, ana akulu akuthandizeni kusenda na kudula, koma pa saladi muimepo inu. Ndalama imene ikanatha pa mbale ziŵili za mu tauni idyetse nyumba yonse, ndipo yotsala ikhale ya basi pa Mande.