Kindle yanga sidziwa Chichewa

Achimwene atabwera kuchokera ku Joni, anandipatsa Kindle yakale, ija ya mabatani. Tizipangizoti tinayamba mu 2007, ndipo pofika 2009 tinkatha kumuwerengera munthu buku mokweza. Usiku wina wa mu Juni, tikuwotha moto kuno ku Bembeke, ndinayiyatsa kuti agogo amveko. Inayamba kulankhula Chingerezi cha m'mphuno. Agogo anangoti, "Zimitsa iwe, ukungotha batire."

Ndinasakamo Nthondo wa Samuel Ntara, buku la 1933. Mulibe. Kukula ndi Mwambo la John Gwengwe? Mulibenso.

Ndiye musandiuze zoti Amalawi ndi aulesi powerenga. Anzanga amawerenga nthano zazitali pa WhatsApp mpaka bandulo kutha. Olakwa ndife ophunzirafe. Timanyoza anthu, pomwe mabuku athu akudyedwa ndi chiswe m'makabati.

Inu osindikiza, mukudikira chiyani? Ikani mabukuwa pa foni, tilipira pa Mpamba kapena Airtel Money. Tiloleninso tiwajambule mawu, tiwaike pa memory card. Agogo maso anafooka, koma makutu akadamva bwinobwino. Ndikufuna amve Nthondo akadali moyo.