Tisanawonjezere matimu, tiyambe taona ulendo wa ku Chitipa

Sizoni ikamatha, matimu atatu akamatsanzika Super League, pamamveka mawu akuti ligi yathu yachepa, tiikulitse ichoke pa matimu 16 ifike 18 kuti dera lililonse lipezemo malo. Amene amalankhula kwambiri zimenezi ndi okonda mpira a kumpoto ndi a m'maboma otalikirana ndi mizinda, ndipo dandaulo lawo ndi lomveka. Atopa kuona timu yawo ikulowa chaka chino ndi nyimbo ndi magule, chaka chamawa n'kutuluka mwakachetechete. Pa dandauloli ndili nawo limodzi. Koma sindikhulupirira kuti kuwonjezera matimu awiri kungasinthe kanthu, ndipo ndikuopa kuti kungangochulukitsa olira.

Ligi imeneyi inabadwa yopendekera kale. Pamene inkayamba mu 1986 inali ndi matimu asanu ndi atatu. Asanu anachokera ku ligi ya Blantyre ndi maboma ozungulira: Bata Bullets, Limbe Leaf Wanderers, MDC United, ADMARC Tigers ndi Red Lions ya ku Zomba. Atatu anachokera ku Lilongwe: Silver Strikers, Civo United ndi MITCO. Ya kumpoto panalibe ngakhale imodzi. Kuchokera pamenepo ligi yakula mpaka kuwirikiza kawiri, ndipo matimu a kumpoto alowamo ambiri ndithu: Moyale Barracks, Mzuni, Karonga United, Chitipa United, Ekwendeni Hammers, Rumphi United, Baka City, Songwe Border United. Mipando inapezeka. Nanga ukatswiri unapita kuti?

Yang'anani mndandanda wa akatswiri. Maule (Bullets) anatenga ligi kasanu ndi kawiri motsatizana kuyambira 1999 mpaka 2005, n'kudzatenganso kasanu motsatizana kuyambira 2018 mpaka 2023. Zaka zina zonse zagawidwa pakati pa Maule omwewo, Silver ndi Manoma (Wanderers), kupatula pamene Civo, MDC, Tigers ndi ESCOM United zinalawako, ndi chaka cha 2016 pamene asilikali a Kamuzu Barracks anadzidzimutsa dziko. Onsewa ndi a ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Palibe timu ya kumpoto yomwe inatengapo Super League. Moyale inafikapo pa nambala yachiwiri, Chitipa United inamaliza pa nambala yachinayi mu 2023, ndipo ife amene timakonda kuona ang'onoang'ono akuvutitsa akuluakulu tinasangalala kwambiri. Koma apo ndi pamene pathera. Ngati kuchoka pa matimu asanu ndi atatu kufika pa 16 sikunasunthe chikho kuchoka m'mizinda iwiriyi, kufika pa 18 kudzachisuntha bwanji?

Ena amati kumpoto kuli anthu ochepa. Zoona, pa kalembera wa 2018 chigawochi chinali ndi anthu pafupifupi 13 mwa anthu 100 alionse m'dziko muno. Koma luso silinasowepo kumeneko. Tabitha ndi Temwa Chawinga, amene lero dziko lonse lapansi likuwadziwa, kwawo ndi ku Rumphi, ndipo kuti aoneke anachita kutsika kubwera kumizinda ya pakati ndi kummwera. Kwa anyamata njira ndi yomweyo. Mnyamata akagoletsa zigoli zingapo atavala yunifomu ya Karonga kapena Chitipa, msika wa osewera ukatsegulidwa mumva kuti wasaina ku Blantyre kapena ku Area 47 ku Lilongwe. Sindingamudzudzule. Ali ndi makolo oti awathandize, ndipo moyo wa mpira ndi waufupi. Koma timu yomwe inamupeza pabwalo la fumbi, n'kumuphunzitsa, imayamba sizoni yotsatira ngati mlimi amene wagulitsa mbewu yake yomwe.

Gwero la kusiyanaku ndi thumba. Kumbuyo kwa Silver Strikers kuli Reserve Bank. Bullets ili m'manja mwa kampani ya Nyasa Manufacturing, ndipo dzina la banki lili pachifuwa. Wanderers ili ndi a Thomson Mpinganjira. Blue Eagles ndi ya apolisi, Civil (yomwe kale inali Civo) ndi ya boma, Kamuzu Barracks ndi Mafco ndi za asilikali. Sizongochitika mwangozi kuti timu ya kumpoto yomwe yakhalitsa kwambiri mu ligi ndi Moyale, yomwenso ndi ya asilikali: wosewera wake amadziwa kuti mwezi ukatha malipiro alowa, timu ipambane kapena igonje. Matimu ena ambiri a kumpoto ndi a anthu wamba. Amadalira akufuna kwabwino. Lachitatu kapena Lachinayi akuluakulu a komiti amakhala akuyenda golosale ndi golosale pa boma, kope lili m'manja, kulemba amene wapereka ya mafuta, amene wapereka thumba la mpunga, amene walonjeza kuti atumiza pa foni madzulo. Mnzawo wa ku Blantyre nthawi yomweyo akuonera vidiyo ya masewero a adani ake.

Ndiye pali msewu. Kuchoka ku Chitipa kufika ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 1,000. Basi imatsika ku Karonga, kudutsa m'mbali mwa nyanja, kukwera mapiri a Chiweta, kufika Mzuzu, kulowa m'Chikangawa, Kasungu, Lilongwe, Dedza, Ntcheu, mpaka Zalewa. Mnyamata amatsika mapazi atatupa, msana utauma, atagona chokhala chikwama chili pamiyendo. Pofuna kupulumutsa ndalama, kwa zaka zambiri matimu oyenda mtunda wautali akhala akupatsidwa masewero awiri pa ulendo umodzi, nthawi zina Loweruka ndi Lamulungu. Akagonja masewero achiwiriwo timati alibe luso. N'zoona kuti matimu a kummwera nawonso amapita kumpoto. Koma amapita kangapo kokha, pa basi yabwino, n'kukagona malo abwino, pamene masewero awo ambiri akoyenda ali pafupi, ena mumzinda momwemo. Timu ya kumalire kwa dziko pafupifupi ulendo wake uliwonse ndi wautali.

Tsopano werengerani. Ligi ya matimu 16 imapatsa timu iliyonse masewero 30, onse pamodzi 240. Ya matimu 18 ndi masewero 34 timu iliyonse, onse pamodzi 306. Kwa Bullets ndi Silver amenewo ndi masewero ena awiri apakhomo odzadza ndi masapota. Kwa timu yoyendera kope la zopereka ndi maulendo ena awiri, mafuta ena, chakudya china, malo ogona ena, ndi ma alawansi ena omwe sadzalipidwa pa nthawi yake. Ndalama za wothandiza ligi, zomwe ndi zochepa kale, zidzagawidwa pa anthu ochuluka. Osewera abwino sadzachuluka chifukwa choti taonjeza mayina pa tebulo. Amene adzapindule ndi kukula kotereku ndi omwe ali ndi osewera ambiri pabenchi, ndipo tonse tikuwadziwa.

Za mabwalo ndiye zimandipweteka mtima. Lilongwe ili ndi Bingu National Stadium yomwe inatsegulidwa mu 2017, kuphatikiza Silver, Civo ndi Nankhaka. Blantyre, ngakhale Kamuzu Stadium yakalamba, ili ndi kapeti. Mzuzu, likulu la chigawo chonse, ikudalirabe bwalo lakalekale lomwe nthawi ndi nthawi limalephera mayeso a bungwe loyendetsa mpira la FAM n'kutsekedwa. Bwalo la Karonga linabweretsa mpumulo, ndipo amene anaonapo khamu lomwe limadzadza kumeneko Maule kapena Manoma akabwera sangakayike kuti mpira kumpoto uli ndi eni ake. Komabe Chitipa United yasewera masewero ambiri "apakhomo" ku Karonga, makilomita pafupifupi 100 kuchoka kwawo. Timu yotere imalipira ulendo ngakhale tsiku lomwe ikulandira alendo, ndipo sapota wake wa ku Misuku kapena ku Nthalire sangakwanitse kuitsatira.

Chinthu china chasintha posachedwa chomwe sitinachikambirane mokwanira. Kale chigawo chilichonse chinali ndi khomo lakelake: katswiri wa kummwera, wa pakati ndi wa kumpoto ankalowa mu Super League mwachindunji. Mu 2025 FAM, pansi pa utsogoleri wa a Fleetwood Haiya, inakhazikitsa National Division League mothandizidwa ndi NBS Bank, ligi yachiwiri ya dziko lonse. Ganizoli ndi labwino, chifukwa timu yokwera idzakhala itayesedwa kale ndi anzake a m'zigawo zina, osati kungodumpha kuchoka pa mpira wa m'dera kukakumana ndi Silver. Koma khomo lotsimikizika lija lachoka, ndipo ulendo wautali uja watsikira kwa matimu osauka kuposa a mu Super League. Popanda chowateteza, tikhoza kudzaona chaka chomwe matimu onse okwera ndi a pakati ndi kummwera, pamene otuluka ndi a kumpoto. Zikachitika zaka ziwiri kapena zitatu motsatizana, ligi idzabwerera pafupi ndi pomwe inayambira mu 1986.

Chomwe ndikupempha bungwe loyendetsa ligi la SULOM ndi FAM si chifundo, ndipo sindikunena kuti timu ipatsidwe malo chifukwa cha kumene ikuchokera. Mapointi azipezedwa pabwalo. Koma pa ndalama za wothandiza ligi ndi za wailesi ndi kanema, papatulidwe thumba la maulendo lomwe lizigawidwa potengera makilomita omwe timu iyende m'sizoni, m'ma ligi onse awiri. Masewero awiri m'masiku awiri atheretu. Timu yaikulu ikagula mnyamata ku timu yaing'ono, ndalama yomulerera ilipidwe yonse iye asanaloledwe kusewera, ndipo akadzagulitsidwa kunja timu yoyambayo ilandireko gawo lake. Aphungu a kumpoto, amene amakonda kugula mipira ndi mayunifomu nthawi ya kampeni, agwirizane pa chinthu chimodzi chokha ku Nyumba ya Malamulo: bwalo lenileni ku Mzuzu. Nawo amalonda a m'chigawochi, a mpunga ku Karonga, a khofi ku Mzuzu ndi ku Misuku, a malasha ku Rumphi, ali ndi malo pachifuwa cha yunifomu omwe akhala opanda dzina kwa nthawi yaitali.

Poyambira pake mposavuta ndipo sipafuna ndalama. Sizoni ikubwerayi isanayambe, SULOM itulutse poyera makilomita omwe timu iliyonse iyende ndi ndalama zomwe maulendowo adye, kuti masapota ndi othandiza ligi adzionere okha. Nambala zimenezo zikakhala pa tebulo pa msonkhano waukulu wa matimu, amene akufuna matimu 18 adzafotokoze kumene mafuta a maulendo owonjezerawo adzachokere.